Mmene mungasiyanitsire katumbu wa m'nyanja ndi katumbu wa mumtsinje m'magombe a Pacific

Anthu amene akukhala kapena kukacheza kumadzulo kwa United States ndi Canada akhala akundifunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza: nyama imene anaiona ikusambira m'madzi amchere pafupi ndi doko, kodi ndi katumbu wa m'nyanja wotchuka uja, kapena ndi katumbu wa mumtsinje? Ambiri amafunsa atagamula kale kuti ndi wa m'nyanja chifukwa anamuona m'nyanja, ndipo apa m'pamene pamayambira kulakwitsa, popeza katumbu wa mumtsinje amasaka chakudya m'madzi amchere tsiku ndi tsiku. Ndalemba yankho lonse pano kuti wofunsa aliyense azilipeza pamalo amodzi.

Ndikamati katumbu wa m'nyanja ndikunena wa m'nyanja yamchere ya Pacific, amene anthu akumeneko amati sea otter, ndipo dzina lake la sayansi ndi Enhydra lutris. Winayo ndi river otter wa ku North America, Lontra canadensis. Amene munaonapo akatumbu a m'nyanja ya Malawi kapena mumtsinje wa Shire muli ndi poyambira, chifukwa thupi lawo lalitali ndi mchira wawo wosongoka n'zofanana kwambiri ndi za katumbu wa mumtsinje wa ku America. Katumbu wa m'nyanja ndi amene ali mlendo kwa inu, pakuti ku Africa kulibe.

1. Yambani ndi kudziwa gombe limene mwaimapo.

Musanayang'ane nyamayo, dzifunseni ngati katumbu wa m'nyanja amapezeka n'komwe pamalopo. Akatumbu amenewa sanafalikire gombe lonse mofanana, ndipo chifukwa chake ndi malonda a zikopa amene anayamba mu 1741 n'kupitirira mpaka pangano la mayiko la mu 1911 litaletsa kuwasaka. Pofika nthawi imeneyo anali atatsala pakati pa 1,000 ndi 2,000 okha padziko lonse, m'timagulu tobalalika, kotero kuti kumene ali lero ndi kumene timagulu timeneti tinachulukana kapena kumene anthu anachita kuwabweretsa.

Ku California, onse amene alipo anachokera ku kagulu ka akatumbu pafupifupi 50 kamene kanapulumuka m'gombe la Big Sur, ndipo anthu ambiri anadziwa za kaguluka mu 1938. Masiku ano alipo pafupifupi 3,000, ndipo amakhala m'chigawo chapakati cha gombelo, kuyambira kumwera kwa San Francisco mpaka cha ku Santa Barbara. Mukakhala ku Monterey, Moss Landing kapena Morro Bay, katumbu amene mukumuona m'nyanja ndi wa m'nyanja ndithu pokhapokha patakhala umboni wina. Koma mukakhala mkati mwa San Francisco Bay kapena kumpoto kwake, zinthu zimatembenuka, ndipo amene mungakumane naye kawirikawiri ndi wa mumtsinje. Katumbu amene anakopa khamu la anthu pa Sutro Baths mumzinda wa San Francisco mu 2012, pafupi penipeni ndi mafunde a Pacific, anali wa mumtsinje.

Ku Oregon anayesa kubwezeretsa akatumbu a m'nyanja mu 1970 ndi 1971 koma sanakhazikike, choncho kumeneko amangooneka mmodzimmodzi wongodutsa, ndipo pafupifupi katumbu aliyense wa m'gombelo ndi wa mumtsinje. Ku Washington anabweretsa 59 kuchokera pachilumba cha Amchitka ku Alaska mu 1969 ndi 1970, ndipo zidzukulu zawo zimakhala kugombe lakunja la Olympic Peninsula, loyang'anizana ndi nyanja yaikulu. M'madzi amkati a Puget Sound ndi kuzilumba za San Juan, kumene alendo ambiri amakwerera mabwato, katumbu wa m'nyanja sapezekapezeka. Ku British Columbia anabweretsa 89 pakati pa 1969 ndi 1972 kugombe lakumadzulo kwa Vancouver Island, ndipo kumeneko, komanso kumwera kwa Alaska, mitundu iwiriyi imapezeka m'madzi amodzimodzi, motero malo okha sangakuthandizeni.

Amene muli ku Britain kapena ku South Africa funsoli lisakuvutitseni, pakuti katumbu wa m'nyanja kumeneko kulibe. Akatumbu a m'magombe a Shetland ndi kumadzulo kwa Scotland ndi a mtundu wa Lutra lutris, womwewo wa m'mitsinje ya ku Ulaya, ndipo a m'gombe la Tsitsikamma ku South Africa ndi Aonyx capensis, amenenso ali m'Malawi.

2. Onani mmene wagonera pamadzi.

Ichi ndicho chizindikiro chimene chimathetsa nkhani nthawi zambiri. Katumbu wa m'nyanja amayandama chagada, mimba itayang'ana kumwamba, ndipo amapuma, amadya, amayamwitsa ndi kugona tulo ali chagada chomwecho. Thupi lake limakhala pamwamba kwambiri pamadzi chifukwa cha mpweya umene umasungika mu ubweya wake ndiponso mapapo ake aakulu, kotero kuti mukamuona patali mumaona zinthu ziwiri zotukuka, mutu mbali ino ndi mapazi mbali inayo, pakati pali chifuwa chotsika pang'ono. Akafuna kusuntha mosafulumira amapalasa ndi mapazi akumbuyo osatembenuka, n'kumapita kumene kwaloza mutu uku nkhope ikuyang'ana kumene akuchokera.

Katumbu wa mumtsinje amasambira chafufumimba, thupi lonse litamira, ndipo chimene chimaoneka ndi mutu wophwatalala, mwina ndi kachigawo ka msana, akusiya mizere iwiri ya timafunde kumbuyo kwake. Sakhazikika malo amodzi, ndipo sagona tulo pamadzi. Akhoza kugubuduka n'kuonetsa mimba pamene akusewera kapena akulimbana ndi nsomba, koma zimenezi zimatenga kamphindi kochepa chabe. Nyama imene yakhala chagada kwa mphindi zingapo osatekeseka ndi katumbu wa m'nyanja.

3. Dikirani kuti muone mchira ndi mapazi akumbuyo.

Mchira wa katumbu wa mumtsinje ndi wautali, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wa thupi lonse, wonenepa kutsinde ndi wosongoka kunsonga. Mchira wa katumbu wa m'nyanja ndi waufupi, wophwatalala, ndipo m'lifupi mwake simusintha kwenikweni kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Mapazi ake akumbuyo ndi aakulu ndi otambalala, opangidwira kupalasa madzi, ndipo chala chakunja ndicho chachitali kuposa zonse, pomwe wa mumtsinje ali ndi mapazi aang'ono a nyama yoyenda pamtunda, ngakhale kuti pakati pa zala pali kachikopa. Nthawi yabwino yoonera zonsezi ndi pamene nyamayo ikumira, ndipo ndifotokoza bwino za nthawi imeneyi pa nambala 7.

4. Yang'anitsitsani kadyedwe.

Katumbu wa m'nyanja amamira kukatola chakudya pansi, amachisunga m'chikopa cholendewera cha m'khwapa, ndipo akavuuka amagona chagada n'kudyera pachifuwa. Amadya nkhanu, nkhono zamitundumitundu ndi tinyama taminga totchedwa sea urchin, ndipo ena amabwera ndi mwala umene amauika pachifuwa n'kumamenyetsapo nkhono mpaka itasweka. Kugogoda kumeneku kumamveka patali madzi akakhala bata, ndipo nthawi zina mumamva phokosolo musanaione nyamayo. Pakati pa kudyako amagubuduka m'madzi kuti atsuke zotsalira pa ubweya, ndipo mbalame za m'nyanja zimakonda kuyandama pafupi kudikira nyenyeswa. Dziwani kuti si onse amene amagwiritsa ntchito mwala, choncho kusowa kwa mwala si umboni wakuti nyamayo ndi ya mumtsinje.

Katumbu wa mumtsinje chakudya chake chachikulu ndi nsomba, ngakhale kuti m'gombe amadyanso nkhanu zambiri. Kansomba kakang'ono amakatafunira m'madzi momwemo, mutu atauloza kumwamba thupi lili chiimire pansi pa madzi, koma akagwira yaikulu amaikokera pamwala, pachipika kapena padoko n'kukadyera pouma. Mukaona katumbu atatuluka m'madzi ndi nsomba kukamwa, musakayikenso, ndi wa mumtsinje. Kulakwitsa kofala n'kuganiza kuti nkhanu ndi umboni wa katumbu wa m'nyanja, pamene onse awiri amaidya, ndipo chosiyanitsa ndi malo amene akudyera, pachifuwa kapena pamtunda.

5. Musadalire kwambiri kukula ndi mtundu wa ubweya.

Mabuku amayamba ndi kukula, ndipo kusiyanako ndi kwenikweni: katumbu wa m'nyanja wamwamuna amalemera makilogalamu 22 mpaka 45, wamkazi 14 mpaka 33, pomwe wa mumtsinje amalemera pakati pa 5 ndi 14. Vuto ndi lakuti pamadzi palibe choyerekezera nacho, ndipo maso amanama kwambiri nyama ikakhala patali. Chomwechonso ndi mutu. Akatumbu a m'nyanja ambiri akamakula mutu ndi khosi zimayera ngati zamera imvi, ndipo nkhope yawo ndi yobulungira, ya ubweya wofufuma ukauma, koma aang'ono ndi ena akuluakulu amakhala oderapo thupi lonse. Mutu woyera ndi umboni wabwino, koma mutu wodera sutsimikizira chilichonse.

6. Werengani ana ndi kuona kaimidwe ka gulu.

Katumbu wa m'nyanja amabereka mwana mmodzi, kawirikawiri m'madzi momwemo, ndipo amamunyamula pachifuwa kwa miyezi ingapo. Ubweya wa khandalo umasunga mpweya wambiri moti silingathe kumira, choncho mayi akapita pansi kukasaka amalisiya likuyandama, nthawi zina atalikulunga m'zomera zazitali za m'nyanja zotchedwa kelp, ndipo limalira mokweza ndi mawu osongoka. Alendo ambiri amaganiza kuti latayidwa n'kufuna kulitola, pamene mayi wake ali pansi pomwepo. Akuluakulu amapuma m'magulu oyandama pamodzi amene anthu akumeneko amati raft, aamuna paokha ndi aakazi paokha, kawirikawiri pakati pa kelp kuti madzi asawakokolole.

Katumbu wa mumtsinje amaberekera kuuna pamtunda, ana awiri kapena atatu nthawi zambiri, ndipo anawo akayamba kusambira amatsatira mayi wawo pambuyo. Gulu lotere likamasambira motsatizana, mitu ndi misana ikutuluka ndi kumira mosinthana, limaoneka ngati njoka imodzi yaitali. Ana awiri kapena kuposerapo akusambira okha pambuyo pa wamkulu ndi chizindikiro chodalirika cha katumbu wa mumtsinje.

7. Nyama ikasambira chafufumimba patali, kapena ikakhala pamtunda, musafulumire.

Apa m'pamene malangizo ambiri amakusiyani, chifukwa amangonena kuti wa m'nyanja amagona chagada ndipo wa mumtsinje amasambira chafufumimba, ngati kuti nyamazi sizisintha. Zoona zake n'zakuti katumbu wa m'nyanja akakhala paulendo, kapena akamathawa bwato, amatembenuka n'kusambira chafufumimba, ndipo akafulumira amadumphadumpha akulowa ndi kutuluka m'madzi monga momwe wa mumtsinje amachitira. Katumbu wa m'nyanja wamng'ono, wa mutu wodera, amene akusambira motere pa mtunda wa mamita 100, akhoza kusokoneza ngakhale munthu wozolowera. Lamulo la kagonedwe limagwira ntchito mbali imodzi yokha: kukhala chagada nthawi yaitali kumatsimikizira katumbu wa m'nyanja, koma kusambira chafufumimba sikutsimikizira wa mumtsinje.

Chofunika kuchita ndi kudikira kuti nyamayo imire, kenaka ivuuke, ndipo muyang'ane zinthu zitatu motsatizana. Choyamba ndi chimene chimalowa m'madzi pomalizira. Onse awiri amapinda msana akamamira, koma kwa wa mumtsinje chomaliza ndi mchira wautali wosongoka umene umatsetsereka kulowa m'madzi, nthawi zina utaima m'mwamba kwa kamphindi, pomwe kwa wa m'nyanja mumaona mapazi awiri otambalala ndi kamchira kafupi pakati pawo. Ikani zoonera patali zanu pamsana wa nyamayo isanamire, chifukwa mukayamba kuifunafuna itapinda kale mudzapeza madzi okhaokha.

Chachiwiri ndi malo amene yavuukira. Katumbu wa m'nyanja amene akusaka amapita pansi molunjika, amakhalako pafupifupi mphindi imodzi, nthawi zina ziwiri, ndipo amavuuka kufupi ndi pamene anamirira. Wa mumtsinje amathamangitsa nsomba, choncho amamira kanthawi kochepa mobwerezabwereza ndipo nthawi iliyonse amatulukira patsogolo, akutsata m'mphepete mwa gombe, m'miyala kapena m'mizati ya doko. Musachotse maso pamalopo msanga, ndipo yang'anani dera lonse lozungulira ndi maso okha kufikira mutu utaonekanso.

Chachitatu, chimene ine ndimachidalira kuposa zonse, ndi chimene nyamayo imachita m'masekondi oyamba itangovuuka. Katumbu wa m'nyanja amagubudukira chagada nthawi yomweyo, kaya ali ndi chakudya kaya alibe, chifukwa umo ndi mmene amapumira. Wa mumtsinje amatulutsa mutu wokha, amatafuna ngati wagwira kanthu, ndipo amapitiriza ulendo. Mukaonerera kumira kutatu kapena kunayi ndipo nyamayo sinagone chagada ngakhale kamodzi, komanso ikuyandikira kumtunda, ndiye kuti mukuyang'ana katumbu wa mumtsinje.

Pamtunda palinso msampha wofanana. Si zoona kuti katumbu wa m'nyanja satuluka m'madzi. Mu Elkhorn Slough, khwawa la madzi amchere limene limalowa kumtunda kuchokera ku Moss Landing, amakwera pamaudzu a m'mphepete n'kupuma, ndipo ku Alaska amagona pamiyala ndi pamadzi oundana. Anthu akumeneko kutuluka kotere amakutcha haul out. Chimene muyenera kuyang'ana ndi kayendedwe ndi kutalikira kwake ndi madzi. Katumbu wa m'nyanja amakhala pafupi penipeni ndi madzi, ndipo amayenda movutikira, akukoka thupi lolemera pamapazi amene sanapangidwire kuyenda. Wa mumtsinje amathamanga mwaliwiro msana utapindika m'mwamba, amakwera miyala ndi masitepe a doko, amagubuduka mumchenga kuti aume, ndipo amalowa m'tchire kapena pansi pa nyumba za m'gombe popanda vuto lililonse.

Ngati nyamayo yapita musanaione bwino, fufuzani zimene yasiya. Akatumbu a mumtsinje amakhala ndi malo awoawo ochitirapo chimbudzi, pamiyala yotulukira m'nyanja, pamadoko ndi m'mabwato omangidwa, ndipo ndowe zake zimakhala ndi mamba a nsomba ndi zidutswa za zigoba za nkhanu, fungo lake lili lamphamvu. Eni mabwato a ku Puget Sound amadandaula nazo kwambiri. Mapazi a zala zisanu mumchenga, pali mzere wa mchira pakati, opita kumtunda kapena kukamtsinje kolowa m'nyanja, nawonso ndi a katumbu wa mumtsinje.

8. Tsimikizani kuti ndi katumbu n'komwe.

Mutu wobulungira, wosalala ndi wonyezimira, wopanda makutu ooneka, umene ukukuyang'anani ndi maso aakulu kenaka n'kumira choongoka osapinda msana, ndi wa nyama ina yotchedwa harbor seal, imene ndi yaikulu kwambiri kuposa akatumbu onse awiri. Zomera za kelp zina zili ndi chotupa chobulungira chimene chimayandama, ndipo mafunde akamachigwedeza chimaoneka ngati mutu wa nyama, koma chimakhala pamalo amodzi chifukwa chinamera pansi. M'miyala ya m'gombe mumapezekanso kanyama kotchedwa mink, kofanana ndi katumbu wa mumtsinje koma kakang'ono kwambiri, ka mchira wa ubweya wofufuma.

9. Onerani patali, ndipo jambulani zimene zingathandize.

Ku United States katumbu wa m'nyanja amatetezedwa ndi lamulo la Marine Mammal Protection Act la mu 1972, limene limaletsa kusokoneza nyamazi, ndipo a ku California anaikidwanso mu 1977 pamndandanda wa nyama zimene zili pachiopsezo. Oyendetsa timabwato topalasa ku California amalangizidwa kusiya mpata wa timabwato tisanu, kapena kuti mamita pafupifupi 18. Chifukwa chake n'chakuti nyamayi ilibe mafuta okhuthala pansi pa khungu monga nyama zina za m'nyanja, ndipo imadalira ubweya wake, umene pamalo ena umafika tsitsi 150,000 pa sikweya sentimita imodzi, komanso kudya chakudya cholemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lake tsiku lililonse. Ikamapuma imaika manja ndi mapazi pamwamba kuti ziume, ndipo mukaidzidzimutsa n'kumira, imataya kutentha ndi mphamvu, kenaka imayambanso ntchito yaitali yopesa ubweya ndi kuulowetsa mpweya. Katumbu akadzutsa mutu n'kukuyang'anitsitsani, ndiye kuti mwayandikira kwambiri, ndipo bwererani pang'onopang'ono. Wa mumtsinje naye musamuyandikire, makamaka wamkazi wokhala ndi ana, chifukwa amaluma, ndipo galu wanu akhale womangidwa.

Mukafuna kuti wina akuthandizeni kuzindikira nyamayo pambuyo pake, chithunzi cha mutu wokha patali sichithandiza kwenikweni. Jambulani kanema wa mphindi ziwiri kapena zitatu wosonyeza kumira ndi kuvuuka, ndipo lembani dzina la gombelo, ngati munali kunyanja yaikulu kapena m'madzi amkati, ngati pafupi panali kelp kapena kamtsinje, ndiponso ngati nyamayo inatulukapo m'madzi. M'mawa kwambiri mphepo isanayambe ndi nthawi yabwino kwa mitundu yonse iwiri, pakuti madzi amakhala bata ndipo akatumbu a mumtsinje amakhala akusaka anthu asanachuluke padoko.